Khoti likagogoda, kampani ili ndi chiyani m'manja? WhatsApp, Telegram, Signal, Gmail ndi Proton

Chikalata cha malamulo a zinsinsi cha kampani iliyonse ya pa intaneti chimayamba ndi mawu ozuna ofanana: amatilemekeza, amatisamala, zathu ndi zathu. Mawu amenewa ndinasiya kuwawerengera. Sikuti onse ndi abodza ayi, koma sathandiza kusiyanitsa kampani ina ndi inzake. Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a anthu ena, ndipo m'foni mwanga mumadutsa zithunzi za ziphaso, makalata a ku banki ndi mapepala a misonkho omwe eni ake sangalole ngakhale mlamu wawo kuti asuzumire. Ndiye ndikamayeza pulogalamu, funso langa ndi limodzi: wapolisi, khoti, mbava ya pa intaneti kapena wantchito wadyera akafika pa makompyuta a kampaniyo, apezapo chiyani chokhudza ine ndi makasitomala anga? Chimene kampani ilibe singapereke. Chimene yasunga, wina akhoza kuchipeza, mwalamulo kapena mwachinyengo.

Ubwino wa funso limeneli ndi wakuti yankho silidalira malonjezo. Makampani onse amene ndikambe pano anagogoderedwapo kale, ndipo zimene anapereka zinadziwika.

Ndiyambe ndi Signal, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Mu 2016 khoti la boma la America m'chigawo cha Virginia linalamula Open Whisper Systems, amene ankayendetsa Signal nthawi imeneyo, kuti apereke zonse zimene anali nazo zokhudza manambala awiri a foni: mayina, maadiresi, anthu olumikizana nawo ndi zina zambiri. Nambala imodzi inalibe n'komwe akaunti. Pa inayo anapereka zinthu ziwiri basi: nthawi imene akauntiyo inatsegulidwa, ndi nthawi yomaliza imene inalumikizana ndi makompyuta awo. Sanakane lamulo, sanachite makani, analibe china. Bungwe lomenyera ufulu la ACLU linawathandiza kuti aloledwe kuonetsa zikalatazo poyera, ndipo mpaka pano Signal imaika pa tsamba lake zikalata za mtundu umenewu zikabwera. Mu 2021 khoti lina ku California linafunsanso, yankho n'kukhala lomwelo.

Zimatheka chifukwa anaimanga dala kuti isadziwe zambiri. Uthenga umatsekedwa pa foni yanu n'kukatsekulidwa pa foni ya mnzanu yekha, njira imene akatswiri amaitcha end-to-end encryption. Koma Signal sinalekere pomwepo: dzina lanu, chithunzi chanu, mayina a magulu ndi mamembala ake nazonso n'zotsekedwa, ndipo kuyambira mu 2018 anawonjezera njira yoti ngakhale makompyuta awo asaone mosavuta amene watumiza uthenga. Imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, ilibe zotsatsa malonda, ndipo momwe inalembedwera aliyense wodziwa akhoza kuwerenga n'kutsutsa. Ndalama zoyambira bungweli, madola 50 miliyoni, zinachokera kwa Brian Acton mu 2018. Dzina limeneli tikumana nalonso.

Zovuta ilinso nazo. Kuti mutsegule akaunti pamafunikabe nambala ya foni, ngakhale kuti kuyambira mu 2024 mukhoza kupatsa munthu dzina lodzisankhira m'malo mwa nambala. Mu 2022 kampani ya Twilio, imene imawatumizira manambala otsimikizira pa SMS, inathyoledwa, ndipo anthu pafupifupi 1,900 a pa Signal anakhudzidwa. Mbavazo sizinapeze mauthenga akale, koma zikanatha kulembetsa nambala ya munthu pa foni ina. Pali kasiwichi kotchedwa Registration Lock kotseka khomo limeneli, ndipo ndikofunika kukayatsa. Vuto lalikulu kwa ine ndi lina: mukatsegula Signal koyamba mumapeza anthu ochepa mwa amene mumawadziwa. Pulogalamu yotumizira mauthenga yopanda omutumizira ndi yokongola chabe.

Kumene kuli anthu ndi ku WhatsApp, ndipo ndi pamene ndikhalitse, chifukwa ambiri amaiweruza molakwa mbali zonse ziwiri. Ena amati kampani ya Facebook, mwini wake, imawerenga zonse zimene timalemba. Ena amati poti pali kachizindikiro ka loko ndiye palibe nkhawa. Onse awiri aphonya.

Loko wa WhatsApp ndi weniweni. Kuyambira mu Epulo 2016 mauthenga, zithunzi, mawu ojambula ndi kuimbirana zonse zimatsekedwa ndi njira yomwe ija ya Signal, ndipo simufunika kuyatsa kalikonse. Pamenepa ndimawavulira chipewa, chifukwa anapatsa anthu oposa biliyoni imodzi chitetezo chimene sanapemphe, ambiri osadziwa n'komwe. Nkhani yagona pa zimene zili kunja kwa lokoyo. Chikalata cha FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, cha mu Januwale 2021, chimene chinatulukira poyera kumapeto kwa chaka chomwecho, chinandandalika zimene apolisi angapeze ku pulogalamu iliyonse. Pa Signal panali zinthu ziwiri zija. Pa WhatsApp panali mndandanda wa manambala a m'foni mwa munthuyo, mndandanda wa anthu amene anasunga nambala yake, komanso, khoti likalola, lipoti lobwera mphindi 15 zilizonse losonyeza amene watumizirana naye uthenga ndi nthawi yake. Mawu a mu uthengawo mulibe. Koma taganizani: munthu walemberana ndi loya usiku, m'mawa ndi wogulitsa nyumba, masana ndi mkazi wake katatu motsatizana, kenako zii. Kodi mukufunikanso kuwerenga mawuwo kuti mudziwe chikuchitika? Zimenezi ndi zomwe amati metadata, ndipo Michael Hayden, amene anatsogolerapo mabungwe aukazitape a ku America a NSA ndi CIA, ananena poyera mu 2014 kuti boma lake limapha anthu potengera zimenezi.

Mukhoza kudzionera nokha. Mu Settings, pansi pa Account, pali malo opemphera lipoti la akaunti yanu, ndipo limabwera pakatha masiku pafupifupi atatu. Ndinalipempha. Ndi kafayilo kakang'ono kopanda uthenga ngakhale umodzi, monga ananenera. Koma muli mtundu wa foni yanga, kampani ya netiweki imene ndimagwiritsa ntchito, adiresi ya IP (nambala imene foni kapena kompyuta imadziwika nayo pa intaneti), chithunzi changa, mawu amene ndinalemba pa About kalekale n'kuwaiwala, mayina a magulu onse amene ndilimo, manambala amene ndinawatsekereza, ndi mzere wautali wa manambala a anthu anga. Chimene chinandiimitsa ndi mayina a magulu. Dzina la gulu limanena zambiri kuposa mmene timaganizira tikamalipeka: mpingo, matenda, ngongole, chipani, banja lomwe lili pa mkangano.

Pali bowo lina limene anthu ambiri sadziwa kuti alitsegula okha. Foni ikamasunga backup ya mauthenga ku Google Drive kapena ku iCloud, loko uja sapita nawo pokhapokha mutayatsa nokha. Njira yotsekera backup inabwera mu Okutobala 2021, ndipo ili mu Settings, Chats, Chat backup. Mumasankha pasiwedi kapena kiyi wa zilembo ndi manambala 64. Mukataya zonse pamodzi ndi foni, mauthenga apita, ndipo a WhatsApp sangakuthandizeni; umenewo ndiye umboni wakuti kiyiyo alibe. Komanso kumbukirani kuti kukambirana ndi kwa anthu awiri. Inu mukhoza kutseka backup yanu, mnzanuyo yake ili pululu, mawu anu onse ali momwemo. Ndipo wina akadina Report pa inu, mauthenga asanu omaliza amene munamutumizira amapita ku kampani. Mukamacheza ndi Meta AI, makina oyankha mafunso a Meta (dzina latsopano la kampani ya Facebook), mkati mwa WhatsApp, dziwani kuti amene mukulankhula naye ndi kampaniyo.

Mbiri ya mwini wake ndi imene imandichititsa kuti ndisagone tulo tofa nato. Facebook inagula WhatsApp mu 2014 ndi madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo inauza akuluakulu a European Union kuti singathe kulumikiza bwinobwino maakaunti a mbali ziwirizi. Mu Ogasiti 2016 WhatsApp inasintha malamulo n'kuyamba kupereka manambala a foni ku Facebook. Chaka chotsatira European Commission inalipiritsa Facebook mayuro 110 miliyoni chifukwa chopereka mfundo zosocheretsa. Brian Acton uja anali mmodzi mwa anthu awiri amene anayambitsa WhatsApp. Anachoka mu 2017, mnzake Jan Koum n'kutsatira mu 2018. Mu Januwale 2021 kunabwera uthenga wotikakamiza kuvomereza malamulo atsopano pofika pa 8 Febuluwale, anthu anakwiya n'kukhamukira ku Signal ndi Telegram, mpaka tsikulo linasunthidwa kufika pa 15 Meyi. Kunena chilungamo, kusintha kumeneko kunkakhudza kwambiri macheza ndi mabizinesi, osati loko wa mauthenga. Chimene anthu anadzidzimuka nacho chinali chitayamba kale mu 2016. Mu Seputembala 2021 bungwe loona za zinsinsi ku Ireland linalipiritsa WhatsApp mayuro 225 miliyoni chifukwa chosafotokoza momveka zimene imachita ndi zinthu za anthu, kuphatikizapo anthu amene sali n'komwe pa WhatsApp koma manambala awo anakwezedwa ndi anzawo. Ndipo mu 2025 Meta inalengeza kuti zotsatsa malonda ziyamba kuoneka ku Status. Palibe chimodzi mwa izi chimene chathyola loko. Zonse pamodzi zikusonyeza komwe mtima wa kampani umakokera.

Telegram ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, osati chifukwa ndi yoipitsitsa, koma chifukwa mbiri yake ndi zochita zake sizigwirizana. Anthu ambiri amene anathawa WhatsApp mu 2021 pofuna chinsinsi anapita kumalo kumene loko ndi wochepa kusiyana ndi komwe anachoka. Macheza wamba a pa Telegram, ndi magulu onse, sakhala ndi end-to-end encryption. Amatsekedwa panjira komanso pa makompyuta a kampani, koma makiyi ali ndi kampaniyo. Iwo amati makiyiwo anawagawa m'mayiko osiyanasiyana kuti khoti la dziko limodzi lisathe kuwakakamiza. Mwina zili choncho, koma limenelo ndi lonjezo, ndipo ndanena kale mmene ndimaonera malonjezo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani kompyuta imene simunaikepo Telegram, lowetsani nambala yanu ndi manambala otsimikizira. Pakangopita kamphindi macheza anu onse a zaka zambiri atulukira, zithunzi, mafayilo, zonse, foni yanu ngakhale itazima. Zimasangalatsa ndithu, ndi chifukwa chake anthu amaikonda. Koma dzifunseni kuti zachokera kuti. Ngati kampani ikutha kukupatsani inu pa makina achilendo, ndiye kuti ikuthanso kuzitsegula. Ndiponso aliyense amene angalande SMS yanu akhoza kuchita chimodzimodzi, pokhapokha mutaika pasiwedi yachiwiri pa Two-Step Verification.

Loko weniweni alipo, amatchedwa Secret Chat, koma muyenera kumufunafuna: kutsegula dzina la munthu, kudina timadontho titatu, kusankha, n'kudikira kuti mnzanuyo alowe pa intaneti. Ndi wa anthu awiri okha, amakhala pa foni imene mwayambirapo basi, ndipo pa Telegram Desktop ya Windows mulibe. Mwa anthu amene ndimalemberana nawo kumeneko, amene anayamba anditsegulira Secret Chat ndi wowerengeka. Chinthu chimene chimafuna kuyatsidwa ndi manja, ambiri sachiyatsa. Umboni wowawa wa zimenezi unaoneka ku Nebraska mu 2022, pamene Meta inapereka kwa apolisi mauthenga a pa Messenger a mayi ndi mwana wake pa mlandu wochotsa mimba. Njira yotsekera inalipo kale mu Messenger, koma inali yosankha. Anadzaiika kuti izigwira yokha mu Disembala 2023.

Kwa zaka zambiri Telegram inkanena kuti ingapereke nambala ya foni ndi adiresi ya IP pa milandu ya uchigawenga yokha. Pavel Durov, amene anaiyambitsa ndi m'bale wake Nikolai mu 2013, anamangidwa pa bwalo la ndege la Le Bourget ku France mu Ogasiti 2024 pa nkhani ya zoipa zimene zimachitikira pa pulogalamuyo. Mwezi wotsatira malamulo anasintha: tsopano zinthu ziwirizo zikhoza kuperekedwa pa milandu inanso, akuluakulu a boma akapempha motsata malamulo. Sindikunena kuti apandu azibisidwa. Chimene ndikuona n'chakuti malire anasuntha m'mwezi umodzi, chifukwa amene ankawagwira anali munthu, osati mamangidwe a pulogalamu. Kwa ine Telegram ndi yabwino kwambiri potsatira nkhani, pa magulu akuluakulu ofika anthu 200,000, ndi potumiza fayilo yaikulu mpaka 2 GB. Pepala la ku banki la kasitomala sinditumizirako.

Za imelo ndizidutsa mofulumirirapo, chifukwa imelo inabadwa yopanda loko ndipo palibe amene waikonza kotheratu.

Gmail inasiya kuwerenga makalata pofuna kusankha zotsatsa malonda mu 2017, ndipo anthu ambiri amene amaitukwana pa chifukwa chimenechi nkhani yawo ndi yakale. Makina a Google amaonabe zimene zili m'kalata kuti achotse zachinyengo ndi kukuthandizani kulemba, ndipo khoti likalamula, makalatawo akhoza kuperekedwa athunthu. Pa kuteteza akaunti kwa mbava, ndi ochepa amene angafanane nawo, zimenezo sindingawamane. Koma chitetezo kwa mbava ndi china, chinsinsi kwa mwini nyumba ndi chinanso. Ndipo Gmail siibwera yokha. Akaunti imodzimodziyo ndi imene ili pa YouTube, pa Maps, pa Chrome ndi pa foni ya Android.

Amene simunatsegulepo tsamba la Google la My Activity, patulani madzulo amodzi. Langa linali ndi mzere wa tsiku ndi tsiku, ola ndi mphindi: ndinafufuza za mankhwala a mutu, ndinaonera vidiyo yokonzera pampu, ndinatsegula pulogalamu ya banki, ndinafunsa njira yopita kwa kasitomala. Chilichonse pachokha n'chopanda kanthu. Kuziona zitandandalikidwa motsatizana, ndinazindikira sabata imene ndinkadwala popanda amene anandikumbutsa. Ku My Ad Center kulinso tsamba losonyeza mmene akukuganizirani: zaka, ngati muli pabanja, ngati muli ndi ana, maphunziro, mtundu wa ntchito. Zina amalondola, zina amaphonya moseketsa. Chimene ndimawayamikira n'chakuti amakuonetsani, amalola kufufuta, ndipo Takeout imakupatsani zanu zonse mutenge. Kuyambira mu 2020 maakaunti atsopano amafufuta okha mbiri imeneyi pakatha miyezi 18. Akale muyenera kukayatsa nokha, ndipo mukhoza kutsitsa kufika pa miyezi itatu.

Koma masiwichi amenewa ali ndi mbiri yawo. Mu 2018 atolankhani a Associated Press anapeza kuti Google inkasungabe komwe munthu ali ngakhale atazimitsa Location History, kudzera mu siwichi ina yotchedwa Web & App Activity. Mu 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 391.5 miliyoni ku zigawo 40 za America pa nkhani imeneyi. Mu 2024 inavomeranso kufufuta zinthu mabiliyoni zimene inatolera kwa anthu amene ankagwiritsa ntchito Incognito, njira yofufuzira mobisa ya mu Chrome, akuganiza kuti sakuoneka. Ndiye ndikazimitsa siwichi ya Google, ndimakhulupirira kuti yazima pa chimene yalemba, n'kupita kukafufuza inzake.

Proton Mail inayambitsidwa mu 2014 ndi asayansi amene anakumana ku CERN, malo ofufuzira za sayansi a ku Ulaya, ndipo ili ku Geneva, pansi pa malamulo a Switzerland. Makalata amene ali m'bokosi mwanu amatsekedwa ndi kiyi wanu, moti iwo sangawawerenge. Pakati pa anthu awiri a Proton loko ndi wathunthu. Mukalembera munthu wa Gmail, kalatayo ikafika kumeneko yakhala ya Gmail, pokhapokha mutaitseka ndi pasiwedi n'kumuuza mnzanuyo kudzera njira ina. Mutu wa kalata, adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira sizili mkati mwa loko ameneyu. Ine ndinazolowera kulemba mutu wosanena kanthu, "Mapepala aja", zenizeni n'kuziika mkati.

Nawonso anagogoderedwa. Mu 2021 apolisi a ku France, kudzera ku bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol ndi akuluakulu a ku Switzerland, anachititsa kuti Proton ilamulidwe kusunga ndi kupereka adiresi ya IP ya munthu wina wochita ziwonetsero za kusintha kwa nyengo, ndipo munthuyo anamangidwa. Makalata ake sanaperekedwe chifukwa sakanatha kuwatsegula. Anthu anakhumudwa poti tsamba la kampaniyo linkanena kuti sasunga ma IP, ndipo mawuwo anasinthidwa pambuyo pake. Mu 2024, pa nkhani ina ya ku Spain, chimene chinaperekedwa ndi imelo yobwezeretsera akaunti imene mwini wake anaikapo yekha. Ena amatenga nkhani ziwirizi ngati umboni wakuti Proton ndi yachinyengo. Ine ndimaziona mosiyana: zikusonyeza ndendende pamene loko amathera. Kampani yomvera malamulo imapereka chimene ili nacho, ndipo apa chinali chochepa, ngakhale chinali chokwanira kugwiritsa munthu. Pogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, Proton ndi yolemererako pang'ono. Kufufuza mawu a mkati mwa makalata kumafuna kuti makina anu ayambe akopera makalatawo, malo aulere ndi ochepa poyerekeza ndi 15 GB ya Google, ndipo mukaiwala pasiwedi musanakonze njira yobwezeretsera, akaunti mukhoza kuipeza koma makalata akale akhala otsekeka.

Mwina wina afunsa za timatebulo ta mu App Store ndi Play Store tosonyeza zimene pulogalamu imatolera. Apple inayamba mu Disembala 2020, Google mu 2022. Ndi tothandiza poyang'ana msangamsanga: ka Signal ndi kakafupi, ka Messenger mumatopa kutsitsa. Kungoti amene amalemba ndi mwini pulogalamuyo. Malamulo a GDPR a ku Ulaya, amene anayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndi amene ali ndi mano, popeza chindapusa chikhoza kufika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka, ndipo Meta inalamulidwa kulipira mayuro 1.2 biliyoni mu 2023. Mabatani ambiri opemphera ndi kufufutira zinthu zanu amene tonse timadina lero anafala chifukwa cha malamulo amenewa. Koma chindapusa chimabwera patapita zaka, zinthu zitatoleredwa kale.

Palinso malire amene mapulogalamu onsewa amagawana, ndipo ndingakhale wosaona mtima nditawabisa pofuna kukometsa Signal. Loko amateteza uthenga panjira. Ukafika pa foni watseguka. Mu 2019 pulogalamu yaukazitape ya Pegasus, yopangidwa ndi NSO Group, inalowetsedwa m'mafoni a anthu pafupifupi 1,400 kudzera m'bowo la kuimbirana kwa WhatsApp, munthu ngakhale osayankha foniyo. Foni ikagwidwa motero, zilibe kanthu kuti mukulembera pa chiyani. WhatsApp inatseka bowolo n'kusumira NSO, ndipo pamenepo inachita bwino. Nkhani ina ndi yoseketsa ndi yochititsa mantha nthawi imodzi: mu Malichi 2025 akuluakulu a boma la America ankakambirana pa Signal za kuphulitsa mabomba ku Yemen, n'kulowetsa m'gulumo mwangozi Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic. Loko anagwira ntchito yake bwinobwino. Anafikitsa zinsinsizo motetezeka kwa aliyense amene anali m'gulumo.

Ndiye ine ndimatani? Mapepala a makasitomala amene avomera kuika Signal amadutsa kumeneko, ndipo ndinaika kuti mauthenga azizimiririka okha pakatha sabata, nditakopera kale zofunika kumalo osungira ntchito. Amene akana, ndipo ndi ambiri, timagwiritsa ntchito WhatsApp, koma ndisanalandire chiphaso cha munthu ndimamuuza kuti, "Bambo, tiyeni titsegule kaye Chat backup tione," ndipo zimatenga mphindi zochepa. Ena amadabwa kuona kuti backup yawo yakhala ikupita ku Google Drive usiku uliwonse kwa zaka. Pa WhatsApp ndinaikanso PIN ya manambala 6 ya Two-step verification, ndinabisa chithunzi ndi Last seen kwa anthu osawadziwa, ndipo ndinaletsa kuti aliyense azindiponya m'gulu. Makalata a ntchito ali ku Proton. Gmail ndinaisiyira malisiti, matikiti ndi kulembetsa pa masamba. Telegram ndi yowerengera nkhani. Ndikanati ndipereke malikisi pa funso langa lija lokha, Signal ili patsogolo patali, Proton ikutsatira, WhatsApp ili pakati, Gmail ndi Telegram kumbuyo pa zifukwa zosiyana: Gmail sinanamizirepo kuti singawerenge makalata anu, pomwe Telegram imalola anthu kuganiza choncho.

Chimene sindingathe kukonza ndi masiwichi ndi anthu ena. Akuluakulu amati khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Nambala yanga, dzina langa ndi mawu amene munthu anandilembera pambali, "wa misonkho" kapena "wa ngongole", zili m'mafoni a anthu ambirimbiri, ndipo aliyense wa iwo akadina Allow pulogalamu ikapempha kuona manambala, ine ndakwezedwa nawo osafunsidwa. Mapulogalamu odziwitsa amene akuimba, monga Truecaller, anakula ndi mayina otoleredwa kwa ogwiritsa ntchito, moti munthu amene sanaiikepo akhoza kupeza dzina lake lilimo. Ali ndi tsamba lochotsera nambala, koma muyenera kudziwa kaye kuti mulimo. Signal imayang'ana manambala anu m'njira yoti makompyuta ake asawasunge. WhatsApp ndi Telegram zimasunga mndandandawo, ngakhale Telegram ili ndi batani lofufutira manambala amene munakweza, mu Privacy and Security. Pa mafoni atsopano a iPhone mukhoza kulola pulogalamu kuona anthu ochepa amene mwasankha m'malo mwa buku lonse, ndipo ndi zimene ndimapempha makasitomala amene ali ndi mafoni otero kuti achite ndi nambala yanga. Ena amachita. Ena amandiyang'ana ngati ndawapempha chinthu chachilendo, n'kunditumizira chithunzi cha chiphaso chawo pa gulu la anthu makumi anayi.